Geji Yonama ya a Sagynbek

Kuseri kwa nyumba ya a Sagynbek, kuno ku Tokmok, kudali shedi yomwe kale munkagona nkhosa. Nkhosazo zidasamutsidwa kuti mulowe galimoto yomwe idali isanabadwe, ndipo idatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuti ibadwe. A Sagynbek, makaniko wopuma ntchito amene adakalambira pansi pa mabasi, ankaipanga ndi manja awo. Injini ya masilinda anayi adaichotsa m'galimoto yakale yomwe idagwera m'ngalande, thupi adawotcherera okha, mipando nkuikuta ndi chikopa. Tisawanamizire, luso adali nalo. Injini ikatsokomola kutsidya kwa msewu, iwo ankatchula matenda ake asanaike pansi mbale ya tiyi. Vuto lidali limodzi: pakamwa pawo sipankatuluka funso. Ngakhale atasokera, ankalolera kuzungulira mzinda wonse kusiyana n'kuimitsa munthu.

Mwana wawo wamkazi, Nurzat, adatomeredwa ndi mwana wa a Toktosun, katswiri wa zamagetsi a galimoto. Tsiku lomwe akuchimuna adabwera kudzamuveka ndolo monga mwa mwambo wa chitomero, a Sagynbek, nyama itawakoma, adalumbira pamaso pa mabanja onse awiri. Adati katundu wa mkwatibwi, mabokosi, zofunda ndi makalapeti a ubweya omwe mayi ake adasoka, adzakamutula okha kwa apongozi a mwanayo pa galimoto yopanga okha, ili ndi nambala za boma kutsogolo ndi kumbuyo. Kwathu kuno katundu ameneyu ndiye nkhope ya bambo wa mkwatibwi, ndipo mmene wafikira anthu amakamba mpaka adzukulu kukula. Nurzat adasangalala kwambiri, nayamba kusoka timaluwa tofiira tansalu todzakongoletsera galimoto ya bambo ake.

Koma nambala sizituluka galimoto isanayezedwe, ndipo oyeza magalimoto opangira pakhomo ankakumana kamodzi pa miyezi itatu. Tsiku lawo lidagwa kutatsala sabata imodzi kuti katundu apite. Atapita kukalembetsa, a Sagynbek adapatsidwa pepala la zofunika. Mabuleki, magetsi, malamba, zonse adali nazo, kupatula chinthu chimodzi: geji yoonetsa mmene injini ikuzungulirira. Oyezawo ankaifuna chifukwa poyeza utsi ndi phokoso, injini imayenera kugwidwa pa mlingo umodzi osasuntha.

"Geji ya chiyani?" adatero a Sagynbek atafika kunyumba, akugwira khutu lawo. "Zaka makumi atatu geji yanga ndi iyi."

"Ndiye khutu lanulo akakalidinde chidindo," adayankha akazi awo, a Burul, osasiya kukanda ufa wa buledi. "Kaguleni chomwe alemba, bambo a Nurzat."

Adapitadi kumsika. M'bokosi la zitsulo zakale adatolamo geji yamkombero wonyezimira, osafunsa wogulitsayo kuti idachoka m'galimoto yanji, poopa kuoneka ngati mlendo pa ntchito. Kunyumba adalumikiza mawaya ake atatu nkuliza injini. Muvi wa gejiyo udadzuka pang'ono nkugona pa mazana anayi. Khutu lawo lidati mazana asanu ndi atatu. Adagogoda galasi ndi chala, muvi sudasunthe. Adazimitsa nkulizanso, zomwezo.

A Burul, omwe adabwera ndi tiyi, adaona nkhope ya amuna awo itakwinyika.

"Si ntchito ya asewere imeneyi? Tangowafunsani. Ndi pafupi pompa."

"Ine ndikagwade kwa akuchimuna mwana asanalowe n'komwe m'nyumba mwawo? Adzati atenga mwana wa munthu wolephera mawaya atatu."

"Adzati atenga mwana wa munthu wodziwa kufunsa."

"Amayi inu, kandani ufa wanu. Gejiyi ndi yongosangalatsa oyeza basi. Bola muvi ukuyenda."

Patapita masiku awiri, a Toktosun adabwera kudzakambirana za alendo a paukwati. Monga ankachitira ndi mlendo aliyense, a Sagynbek adawatengera kushedi. A Toktosun, munthu wofatsa wosachulutsa mawu, adazungulira galimotoyo akusisita mowotcherera monse, nayamikira kuchokera pansi pa mtima. Injini italira adasuzumira mkati. Maso awo adakhalitsa pa geji ija.

"Yokongola gejiyi, asewere. Idachoka m'galimoto yanji?"

"M'galimoto ya matayala anayi," adatero a Sagynbek, nkuseka kwambiri nthabwala yawoyo.

A Toktosun adatsegula pakamwa, nkutsekanso. Adaseka nawo pang'ono mwaulemu, kenaka onse adabwerera kukamwa tiyi.

Tsiku loyeza, theka la msewu wathu lidapita nawo. Madala adavala zisoti zawo zoyera ngati akupita kuphwando, ndipo a Toktosun nawo adabwera pa lole yawo yakale. Galimoto idayenda bwino. Woyeza, bambo wamfupi wamagalasi, adayesa mabuleki nagwedeza mutu. Adaona magetsi, adalowa pansi ndi tochi, adagwedeza chiwongolero uku ndi uku, ndipo paliponse ankachonga. Mmodzi mwa madala aja adafuula kuti galimoto za kufakitale zichite manyazi. A Sagynbek chifuwa chidakula.

Kudatsala utsi ndi phokoso. Woyeza adalowetsa kapaipi m'ekizozi nati, "Bambo, pondani moto mpaka muvi ufike pa zikwi zitatu. Mugwire pomwepo mpaka ndinene."

A Sagynbek adaponda. Muvi uli pakati pa chikwi chimodzi ndi ziwiri, khutu lawo lidawauza kuti injini yafika kale pomwe woyeza ankafuna. Apa ndiye padali pochotsa phazi. Akadangonena kuti geji ikunama, woyeza akadawapatsa mpaka masana kuti aikonze, ndipo munthu woikonza adali ataima chapomwepo, manja ali kumbuyo. Koma a Sagynbek adayang'ana pagalasi, naona zisoti zoyera zili ndandanda, naonanso asewere awo. Kunena zoona pamenepo kudawalemera kuposa injini yomwe adainyamula ndi manja awo. Adaponderabe.

Muvi udakwera mwaulesi, injini ikulira ngati mbuzi yomwe yaona mpeni. Madala adayamba kubwerera m'mbuyo. Woyeza adatukula mutu, nathamangira pawindo.

"Bambo, gejiyi ili bwinobwino?"

"Ndaiika ndekha!"

Sadamalize n'komwe kutseka pakamwa. Kudamveka kuphulika kumodzi, kenaka zitsulo kugubuduzika, kenaka zii. Chitsulo cha mkati chidathyoka nkuboola injini m'nthiti. Oyilo wakuda adayenderera pasimenti mpaka kukafika pa nsapato za woyeza.

Palibe adaseka, ndipo kukadakhala bwino akadaseka. Madala adayamba kuyang'ana kumapiri ngati akuwaona koyamba. Woyeza adapukuta magalasi, nalemba mzere umodzi papepala.

"Pepani bambo. Ntchito yanu ndi yabwino, sindinama. Mudzabwerenso pakatha miyezi itatu."

A Sagynbek adakhalabe pampando, manja ali pachiwongolero, thukuta lili kamukamu. Chifukwa cha manyazi sadatulukemo. Ndi a Toktosun omwe adabweza lole yawo chambuyo, namangirira chingwe. Galimoto yomwe m'mawa idadutsa pamsika ikuliza hutala idadutsanso pomwepo masana ili pachingwe, mwini wake atatsitsa chisoti mpaka m'maso.

Ataikankhira mushedi, anthu adabalalika mwakachetechete, nkutsala awiriwo. A Sagynbek adayang'anitsitsa dzenje la m'injini nthawi yaitali. Kenaka, ndi mawu otsika omwe ngakhale a Burul sadawamvepo, adafunsa funso lomwe lidachedwa ndi masabata awiri.

"Asewere, chidalakwika n'chiyani pa geji ija?"

A Toktosun adamasula tizitsulo tiwiri, nazula gejiyo nkuitembenuza. Kuseri kwake, pansi pa fumbi, padali kaswitchi kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo pambali pake padalembedwa manambala atatu: 4, 6, 8. Kadali pa 8.

"Idachoka m'galimoto ya masilinda asanu ndi atatu," adatero. "Yanuyi ndi ya anayi. Ndiye inkawerenga theka. Pomwe muvi umayandikira zikwi zitatu, injini inali ikukafika zikwi zisanu ndi chimodzi. Yokalamba ngati imeneyi sikadapirira."

Adakakankha ndi chikhadabo. Kadangoti tcha, nkufika pa 4.

"Basi?" adafunsa a Sagynbek.

"Basi."

"Ndiye mudadziwa tsiku lija?"

"Ndidakayika. N'chifukwa chake ndidafunsa komwe idachoka." A Toktosun adaika gejiyo pampando mosamala. "Koma taganizani, asewere. Ine ndine wodzapempha mwana pakhomo pano. Ndikadayamba bwanji kukuphunzitsani ntchito m'shedi mwanu musanandifunse? Ndidagogoda, inu simudatsegule. Nanenso ndili ndi mlandu, ndikadayenera kugogoda kawiri. Lero ndimati ndifuule, koma pamaso pa anthu onse aja ndidaopa kukuvulani."

Mawu amenewa adawawa kuposa chipongwe. Munthu akakunyoza umapeza poyankhira, koma akadzitengera theka la mlandu wako umasowa pothawira. A Sagynbek adangokhala pansi pa chitini cha penti, nagwira nkhope ndi manja akuda ndi oyilo.

Injini ina sikadapezeka m'sabata imodzi, ndipo ngakhale ikadapezeka, nambala sizikadatuluka. M'mawa wa tsiku lopititsa katundu, lole ya a Toktosun idaima pageti, yotsukidwa bwino, makiyi ali momwemo. Eni ake adabwerera wapansi kuti asaoneke. Koma ndani kuno sadziwa lole imeneyo, pomwe pachitseko padalembedwa dzina lawo ndi penti yoyera? Aliyense woiona akadadziwa kuti akuchimuna achita kudzitengera okha katundu wa mkwatibwi.

A Burul sadanene kuti ndidakuuzani. Adangolongedza makalapeti. Nurzat, yemwe ankathandiza kulongedza, adatuluka m'nyumba atanyamula timaluwa take tofiira. Adaima pang'ono pakhomo pa shedi, kenaka adatembenuka nkuyamba kutimangirira pa lole ya apongozi ake.

"Musadandaule, ababa," adatero osawayang'ana. "Katundu akafika basi."

Mwanayo adakula akugwirizira tochi m'shedi imene ija, ndipo adauza anzake onse za galimoto ya bambo ake. Tsopano ndiye ankawatonthoza iwo.

A Sagynbek adayendetsa lole ija okha kudutsa mumzinda, anthu akuwerenga dzina la pachitseko nkuyang'ana woyendetsa. Kwa a Toktosun adalandiridwa ndi ulemu wonse. Adawakhazika pamalo apamwamba, kutali ndi chitseko, ndipo nyama itabwera, mutu wa nkhosa udaikidwa patsogolo pawo monga mlendo wamkulu. Palibe adatchula galimoto. Nkhani zinkati zikayandikira ku magalimoto, wina ankazikhotetsera ku mitengo ya udzu wa ziweto, ndipo a Sagynbek ankaona kukhotako nthawi iliyonse. Adadula nyama ya patsaya naika m'kamwa. Idali yofewa, yophikidwa bwino, koma adaitafuna nthawi yaitali osatha kuimeza.

Galimotoyo idadzapeza nambala chaka chotsatira, ili ndi injini ina ndi geji yomwe ija, ndipo mawaya onse adawaona ndi a Toktosun atachita kupemphedwa. Imayenda mpaka lero, ndipo imayenda bwino. Koma katundu wa mkwatibwi amapita kamodzi kokha, ndipo a Sagynbek adali ndi mwana wamkazi mmodzi. Timaluwa tofiira tija tidakhala pa lole ya asewere awo mpaka tidasuluka ndi dzuwa. Zaka zisanu ndi chimodzi za thukuta zidagwa chifukwa cha kaswitchi kokankha ndi chikhadabo, pomwe wodziwa za kaswitchiko adali atamwa tiyi m'nyumba mwawo. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.