Lupanga Lodalitsidwa la a Malachy Scanlon

Nonie Scanlon anali atangomiza manja mu sitachi yolimbitsira makolala pamene chitseko chinatseguka popanda odi. Mumzinda wa Troy, kumpoto kwa New York, masiku amenewo, mkazi wochokera ku Ireland akapanda kuchapa makolala a mabwana ndiye kuti ankawasita. Nonie ankachita zonse ziwiri, kuwonjezera pa kulera ana asanu ndi mwamuna mmodzi amene ankavuta kuposa ana onsewo.

Amene analowa anali Mayi Gilhooly a chipinda cha pamwamba, ali wefuwefu.

"Mayi a Delia, tasiyani kaye zimenezo! Amuna anu akuwapatsa lupanga!"

"Alakwa chiyani?"

"Iii, inunso! Mphatso! Gulu lonse lagwirizana. Lachokera ku New York, chimake chake chagolide, dzina lawo alilemba pachitsulo penipeni. Awapatsa Lamulungu likubwerali Misa ikatha."

Nonie anafinya kolala, n'kuiponya m'dengu. "Likhala lodulira kabichi?"

"Mulibe chisoni inu, amwali."

"Chisoni ndili nacho. Chimene ndilibe ndi malo opachikapo lupanga."

Pakamwa ankatero, koma mumtima anakondwa. Mwamuna wake Malachy masana onse ankathira chitsulo chosungunuka m'zikombole kufakitale ya mbaula, kapitawo akumukalipira ngati mwana. Koma likafika Lachinayi madzulo ankavala jekete lobiriwira n'kusanduka kaputeni wa Kilrush Guards, gulu la amuna a kwawo amene ankaphunzira kuguba ndi mfuti zakale zobwereka kuboma. Chimusankhireni, Malachy anasiya kuzengereza kumowa, ndipo ankayenda mutu uli m'mwamba. Vuto linali lakuti ukaputeniwo sunali wamuyaya. Chaka ndi chaka, pa tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya Ireland, mu Malichi, perete ikatha, amuna ankakweza manja kusankha wowatsogolera. Ndipo sajeni wa gululo, Festus Mulqueen, mpandowo ankaunyambitira milomo poyera.

Lamulungu lija anthu anadzaza holo ya pansi pa tchalitchi. Mulqueen yemweyo ndiye anayankhula m'malo mwa gulu, mawu okoma ngati uchi, maso ali gwa pa lupanga. Malachy analilandira ndi manja awiri, n'kulisolola. Anthu anangoti haaa! Chitsulo chinali mbee, ngati madzi a pachitsime, atajambulapo zeze wa kwawo ndi timasamba titatu, pakati pake dzina lake lonse.

Kenaka anabwera Bambo Considine kudzalidalitsa. Wansembe ameneyu anali wokalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndipo pa nkhani ya madzi odalitsa analibe kaliuma. Akamabatiza mwana, amayi ake ankabwera ndi zovala zosinthira. Anawaza, anawazanso, mpaka madzi ankachita kudontha kunsonga kwa lupanga. Atangoti amen, Malachy analibwezera m'chimake, kwe! Lili chinyowere.

Pobwerera kunyumba Nonie anadikira kuti anthu apatuke.

"Bambo a Delia, tikafika mulitulutse mulipukute. Ndikupatsani kansalu ndi mafuta."

"Ndipukute chiyani?"

"Madzi aja."

Malachy anaima pakati pa msewu. "Mkazi iwe, unamuona ndani akupukuta madalitso?"

"Madzi odalitsa amathiramo mchere, mukudziwa bwino inu. Mchere ndi chitsulo ndi apongozi, sagona nyumba imodzi. Munthu wogwira ntchito ya zitsulo ndichite kukuphunzitsani ine?"

"Chitsulo cha kufakitale ndi china, ichi ndi china. Ichi chalowa m'manja mwa wansembe. Madalitso alowa m'katimo, ndipo akhala momwemo. Silituluka mpaka tsiku la Patrick Woyera, pamaso pa meya."

"Uno ndi Novembala, bambo."

"Ndawerenga kale."

Atafika kunyumba anakhoma msomali pamalo oonekera kwambiri, amene m'chipinda chawo chopanikizika anali pamwamba pa mbaula, pomwe Nonie ankawiritsira zochapa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Nthunzi inkakwera n'kumalisisita lupangalo tsiku lonse. Nonie ananenanso kachiwiri. Tsiku lina anafika potenga botolo la mafuta n'kukwera pampando, koma Malachy anatulukira, n'kuima kutsogolo kwa khoma manja atatambasula ngati akuteteza mwana kwa galu.

"Chabwino," anatero Nonie akutsika. "Ine ndili ndi asanu. Wachisanu ndi chimodziyo mulere nokha."

Ndipo anamuleradi. Nyengo yonse ya chisanu, Lamulungu lililonse akachoka ku Misa, Malachy ankatsitsa lupanga lija n'kuyamba kupukuta chimake. Ankachiuzira mpweya, n'kupukuta, n'kudziyang'anirapo ndevu. Nsalu yofewa imene Nonie anasungira khanda inathera pomwepo. Alendo akabwera ankawaonetsa golide, timikanda ta pachigwiriro, ngakhale lamba wake, koma wina akati asolole, dzanja linkamenyedwa. Pokaguba Lachinayi ankanyamula lupanga lakale la boma.

"A kaputeni," Mulqueen ankatero, "mkwatibwi uja mudzatitulutsira liti? Kapena ngwamanyazi?"

"Udzamuona pa tsiku lake, ndipo maso ako adzachita chidima."

Tsiku lake linafika ndi kamphepo kobaya m'mafupa. Chipale chofewa chinali chitayamba kusungunuka, msewu wonse uli matope osakanikirana ndi ndowe za akavalo. Nonie anasiya makolala osasita padengu, n'kukaima ndi Mayi Gilhooly moyang'anizana ndi nsanja ya meya. Pansanjapo panali eni mzinda, azipewa zazitali, ena mwa iwo omwe ankanena m'misonkhano kuti Mwairishi ukamupatsa mfuti amangodziwa kumenyera nayo m'bale wake. Ndiye perete imeneyi sinali masewera. Amuna a ku Ireland ankafuna aonetse kuti nawonso amatha.

Ng'oma zinamveka, mbendera yobiriwira inatulukira pakona, ndipo kutsogolo kwake kunali Malachy, chifuwa chili patsogolo ngati tambala, golide akung'anima m'chiuno. Nonie anamva mtima wake ukugunda ngati wa namwali, ndipo anadzikwiyira yekha.

Mwambo wake unali wodziwika. Gulu likafika pansanja limaima, kaputeni amasolola lupanga, kufikitsa chigwiriro pamilomo, kenaka kulozetsa nsonga pansi. Akatero m'pamene asilikali amakweza mfuti kupereka ulemu. Lupanga lisanatuluke, palibe amene amasuntha.

Malachy anaimitsa gulu. Ng'oma zinati zii. Anagwira chigwiriro, n'kukoka.

Lupanga silinamve.

Anamwetulira meya, n'kukokanso. Ayi ndithu. Anakoka kachitatu mpaka lamba anazungulira m'chiuno, chimake n'kubwera pamimba. Khosi lake linafiira ngati khala.

"Mariya Woyera," ananong'ona Mayi Gilhooly.

"Musawavutitse amenewo," anatero Nonie. "Nkhani iyi siyawo."

Asilikali anali chiimire ngati mitengo, maso okha ndi amene ankayenda. Mulqueen anasendera pafupi, akubisa chiseko.

"A kaputeni, mkwatibwi wagona?"

"Gwira chimakechi, chitsiru iwe!"

Mulqueen anagwira chimake ndi manja awiri. Malachy anamasula lamba, n'kugwira chigwiriro, naye ndi manja awiri. Amuna akuluakulu awiri, a ndevu zawo, anayamba kukokana pakati pa msewu ngati ana olimbirana nzimbe, meya akuonerera. Wina m'khamu anayamba kuwerengera mokweza, ena n'kumamuthandiza. Mwadzidzidzi kunamveka kulira ngati kwa chitseko chakale, kwiii! Lupanga linasololoka, fumbi lofiira n'kuti fuu! Malachy anakhala pansi m'matope, khu! Mulqueen anapita chagada mpaka kukakhalira ng'oma yaikulu, chikopa n'kuphulika.

Chimene chinali m'dzanja la Malachy sichinali chija anthu anachiona mu Novembala. Chinali chofiira ngati njerwa, chamabangamabanga, zeze uja osaonekanso.

Msewu wonse unafa nacho chiseko. Munthu wina wa pansanja anafuula, "Wapha nalo angati kale, poti lachita kufiira chonchi?"

"Litsikireni kuno mudzalione pafupi, akulu!" anayankha Mayi Gilhooly, ndipo anthu anasekanso.

Apa tinene chilungamo, Malachy sanathawe. Anadzuka, matope akuyenderera kumbuyo, n'kuimika msana. Anafikitsa chigwiriro pamilomo, n'kulozetsa dzimbiri lakelo pansi mwaulemu wonse. Asilikali anakweza mfuti nthawi imodzi, mwina bwino kuposa kale lonse. Meya anavula chipewa, ngakhale ena amati ankabisira nkhope. Gulu linapitirira ndi ng'oma yaing'ono yokha.

Nonie sanadikire zotsala. Anabwerera kunyumba, anasonkhezera mbaula, anaikapo mbatata ndi nyama ya nkhumba, n'kutenthetsa simbi. Khutu lake linali kukhomo. Ankadziwa kuti amuna ali kuholo kukweza manja, ndipo ankadziwanso kuti pakati pa holoyo ndi nyumba yawo pali malo atatu omwera mowa.

Dzuwa lisanalowe anamva mapazi pamakwerero. Anali mapazi olemera, koma oongoka. Malachy analowa, anavula chipewa, n'kuika lupanga patebulo, chimake pambali. Anakhala pampando osayang'ana munthu.

"Asankha Mulqueen," anatero.

"Ndi ng'oma yomwe waphwanya ija?"

"Akuti ng'oma imasokedwa."

Simbi inayenda pakolala, kupita ndi kubwera.

"Ine andipatsa mbendera. Ndiziinyamula ine kutsogolo." Anakanda ndevu. "Akuti mbendera ilibe chimake."

Nonie analuma mlomo, koma chiseko chinamupulumuka m'mphuno. Malachy anamuyang'ana mokwiya, kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka, mpaka onse awiri anaseka misozi kutuluka, ana akusuzumira kuchipinda kudabwa kuti akuluakulu chawalowa n'chiyani.

"Nena tsono," anatero Malachy akupukuta m'maso.

"Ndinene chiyani?"

"Zija wakhala ukusunga chiyambire Novembala."

"Ndilibe nthawi, bambo a Delia. Simbi ikuzizira." Anatambasula dzanja pashelefu, n'kumukankhira botolo la mafuta ndi chidutswa cha njerwa. "Perani imeneyo, mukwechese pang'onopang'ono. Ndipo muvule thalauzalo musanandidetsere mpando. Bambo Considine akadzati alidalitsenso, muwauze aime patali."

Malachy anakwecha mpaka chakudya chinapsa. Dzimbiri lambiri linachoka, koma pomwe panali dzina lake panatsala timaenje ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba. Miyezi yonse ija munthu ankasisita golide wa kunja, anthu n'kumayamikira, pomwe chitsulo chenichenicho chinkadyeka mwakachetechete m'katimo. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nonie analavulira pasimbi kuti amve ngati yatentha, n'kutenga kolala ina. Dengu linali lisanafike ndi pakati pomwe.