Chipika Chimang'ambikira Kumapeto

Panali munthu wina amene nyumba yake inalibe chitseko. Pakhomo ankapachikapo mphasa. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo mwamunayo analonjeza kuti mwana asanabadwe pakhomopo padzakhala chitseko cha matabwa.

Mayi ake pomwalira anasiya mtengo umodzi wa mbawa kumunda, wa iye ndi mlongo wake Nangozo. Munthu uja anaugwetsa m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, naudula zipika ziwiri. Iye anatenga cha kutsinde, chachikulu. Cha kunsonga anasiyira Nangozo.

Wocheka matabwa anabwera kudzaona. Anayeza zipikazo ndi mkono nati, "Macheka anga ali ndi ntchito kwina, ndibwera pakatha milungu itatu. Koma lero lomwe mumate kumapeto konse, ndi phula kapena penti."

Munthu uja anavomera ndi mutu, mumtima akukana. Ankati thabwa labwino ndi louma, nanga ukatseka kumapeto madzi atulukira pati? Komanso pamene panadulidwapo panali pofiira bwino, ndipo odutsa m'njira ankaima n'kumati, "Koma ndiye mbawatu iyi!" Mawu amenewo ankamukoma. Choncho anamweta udzu, nafunditsa thunthu lonse kuti lisapse ndi dzuwa, kumapeto n'kusiya poyera.

Madzulo anapeza Nangozo atagwada pa chipika chake, akusungunula phula la njuchi m'chitini n'kumapaka ndi kansanza.

"Mlongo wanga, chipika ukuchidzoza ngati khanda? Mawa uchibereka kumbuyo?"

"Khanda timalisamala pamchombo, achimwene, pamene padulidwa. Phula latsala, tengani."

"Changa chipume kaye," anatero iye, n'kumapita akuseka.

Masiku anayi atadutsa, akulima pafupi masana, anamva kuti thee! Anayang'ana uku ndi uku, osaona kanthu. Mawa lake anaona kamzere kumapeto kwa chipika, kochepa ngati tsitsi. Anati n'zapamwamba chabe. Sabata itatha, mu mng'alumo munkalowa mpeni. Sabata yachiwiri munkalowa chala, ndipo ming'alu ina inali itatuluka pakati kupita m'mbali. Pamenepo anakanda dothi, namata mbali zonse ziwiri, nasalaza ndi dzanja kuti pasaoneke.

Wocheka matabwa atabwera, anagogoda dothilo ndi chibakera, likugwa.

"Mwamata liti, bambo?"

"Sabata yatha."

"Mwamata manyazi, osati chipika. Madzi a mtengo amathamangira kumapeto. Kunja kukauma msanga m'kati mukadali mwauwisi, mtengo umadzing'amba wokha. Phula silitsekera madzi m'kati, limangowauza kuti atuluke pang'onopang'ono."

Anadula chipikacho utali wa mkono wathunthu mbali imodzi, mng'alu ukadalipo. Anadulanso. Mbali inayo chimodzimodzi. Matabwa amene anatuluka anali otambalala, ofiira, okongola, koma ataimika thabwa limodzi linamulekeza munthu uja pachifuwa. Chipika cha Nangozo, chaching'ono chija, anangochisenga phula, ndipo chinatulutsa matabwa anayi aatali bwino.

Mtengo wina wa mbawa panalibe. Munthu uja anakhoma chitseko ndi matabwa ake aafupiwo, pamwamba pake n'kutsekapo ndi thumba. Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa. Mbuzi sizinkalowa m'nyumbamo, koma mphepo inkalowa, ndipo mkazi wake ankagona chopereka msana kukhomo, kutchinjiriza khandalo. Nangozo pobwera kudzaona mwana anayang'ana thumbalo.

Inu amene mukumva, taganizani za munthu wanu amene wadulidwa posachedwa: amene waika mwamuna wake, amene banja lamuthera, mwana amene munamulalatira dzulo. Timakonda kufunditsa pamene sipanapweteke. Timamupatsa chakudya, timamufunsa za kumunda, pabala penipeni n'kusiya poyera, n'kumati apume kaye. Pitani lero, mukakhudze pamene padulidwapo. Mukadikira milungu itatu mudzapitabe, inde, koma mudzapita ndi dothi.