Tsiku Limene a Obadiya Anabweza Ndege

Ku Aerodrome, kuseri kwa shopu yometera, kunali kachipinda kamene a Obadiya ankachita lendi. Dzina la derali limatanthauza bwalo la ndege, koma ndege imene anthu akumeneko ankaionera pafupi inali ya m'kompyuta ya Marjory, mwana wa a Obadiya. Iye anaikamo pulogalamu yoyeserera kuyendetsa ndege, ndipo anthu ankabwera kudzalipira kuti aulukeko pang'ono, ngakhale anali a apo ndi apo. Chiyembekezo chonse chinali pa Mai Tariro, ahedi a sukulu ina, amene analonjeza kudzaona okha Lachisanu. Akakhutira, azitumiza ana sabata iliyonse. Akapanda kukhutira, chipinda chibwerera kwa mwini wake, ndipo a Obadiya, imvi zili mbuu, akagwira fosholo kumaenje a golide ku Kitsiyatota.

Bambowa anakalambira pa ntchito yoyendetsa tipa ya kumgodi, ndipo rivesi ndiyo inali ulemerero wawo. Ukangowapatsa moni, basi wadziputira nkhani ya mmene ankabwezera chigalimoto chodzaza miyala m'mphepete mwa phompho, dzanja limodzi lili pawindo.

Tsono ndege sibwerera yokha m'mbuyo. Pamakhala kathirakita koikankha kuichotsa pa geti pamene anthu amakwerera, ndipo mu pulogalamuyo munthu amajambula yekha mzere woti kathirakitako katsate. Mzere wa Marjory unali wautali, wokhota mwapatalipatali. A Obadiya atauona Lachinayi masana, magazi anawira.

"Iwe, ndege ikuyenda ngati ikuperekeza maliro! Ahedi adzasinza isananyamuke. Suntha."

Anagwira mausi ndi chidzanja chawo, nakoka mzere uja, kuupinda mwamphamvu pakati pa khoma ndi mlongoti wa magetsi.

"Aiwa, ayi Baba, pamenepo mpopanikiza," anatero Marjory. "Ndege ili ndi mapiko."

"Mapiko ngoulukira. Pa rivesi timayang'ana mchira ndi matayala, kwatha."

"Ndapota, tiyese kamodzi kokha ahedi asanabwere."

"Kuyesa nkwa ophunzira. Ine laisensi ndinatenga amai ako asanandidziwe nkomwe."

Ndipo pofuna kuti mwanayo asawazembere, anafufutiratu mzere wake wakale. Liuma likakula, munthu amatseka ndi khomo lothawira lomwe.

Lachisanu Mai Tariro anafika atatchena, nakhazikidwa pampando wa woyendetsa. Kathirakita kanayamba kukankha. Mchira unadutsa bwinobwino, osakhudza khoma, ndipo a Obadiya anadziguguda pachifuwa.

"Mwaona, Mai? Ntchito ya kumgodi imeneyo!"

Mawu asanathe, phiko lakumanzere linati khu! pa mlongoti. Sikirini inada, nkulemba kuti ndege yachita ngozi. Kompyuta ija, pokhala nkhalamba nayonso, inayamba kudzuka pang'onopang'ono, anthu atatu akuiyang'ana.

"Baba, ndiloleni ndijambule wina," Marjory ananong'ona. "Sizichedwa."

Apa munthu wina akanameza malovu nkupereka mausi. Osati a Obadiya.

"Cholakwa si mzere wanga. Mlongotiwu anauzika pamalo olakwika. Kumgodi tikanauzula! Tibwereze."

Anabwereza, mzere womwewo, osasuntha ngakhale pang'ono. Mchira unadutsanso, phiko linamenyanso mlongoti womwe uja, sikirini inadanso.

Mai Tariro anatola chikwama chawo, nathokoza mkuluyo mwaulemu m'chiyankhulo cha kumeneko.

"Maita basa, Sekuru. Koma ine ana ndimawaphunzitsa kuti munthu akalakwa azikonza. Pano adzaphunzira chiyani?"

Atatuluka, Marjory sanalire, ngakhale mtima unamupweteka kwambiri. Anazula mawaya mmodzimmodzi, nakulunga kompyuta m'chitenje.

"Ukupita nayo kuti?" anafunsa bambo ake. "Chipindachi nchanga!"

"Chipinda nchanu, Baba, ndege njanga. Siifera liuma lanu. Ndikayambira kwina, ngakhale pakhonde la munthu, ndipo mzere ndizijambula ndekha."

Anasenza katundu wake, natuluka osacheuka.

Mwezi utatha, mwini chipinda anasintha loko. M'mawa wotsatira anthu anaona a Obadiya akutsetsereka wapansi kulowera ku Kitsiyatota, fosholo paphewa, msana utapindika. Mpaka lero, ukawafunsa, amati wolakwa anali mlongoti, koma amanena motsitsa mawu, maso ali pa matuza a m'manja mwawo. Akuluakulu sananame: wosamva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.