Mmene Mbedza Idamuvulira Nthiwatiwa

Ana inu, mukamuona Nthiwatiwa ntchafu zili pamtunda, khosi lili mbee, musaganize kuti adabadwa choncho. Kalelo ankauluka, nthenga zili thupi lonse, ndipo ankakhala m'bango m'mphepete mwa mtsinje.

Chaka china mvula idakana. Nthaka idauma gwa, nyongolotsi zidathawira pansi penipeni, asodzi n'kusowa nyambo. Mmawa wina Nthiwatiwa adapeza msodzi wina, dzina lake Kamtedza, atakhala pamwala, mbedza ili m'manja, akungoyang'ana madzi.

"Kwagwanji, bambo?" adafunsa Nthiwatiwa.

"Ana anga akukomoka ndi njala, mayi. Mpasa ndikuziona m'madzimu, koma ndizikopa ndi chiyani?"

Nthiwatiwa adagwidwa chisoni. Adazula kanthenga kofewa pachifuwa pake n'kumupatsa.

"Mangani aka pambedza. Pamadzi kaoneka ngati kachiwala kogwa mumtengo. Koma musauze munthu kumene mwakatenga."

Kamtedza adakamanga ndi ulusi wa khonje, n'kuponya. Kanthengako kadavina pamwamba pa madzi, mpasa n'kulumpha kukameza. Adaponyanso, inanso. Adapita kwawo mtolo wa nsomba uli paphewa.

Koma fungo la nsomba yootcha silibisika m'mudzi wa njala. Anthu adamupanikiza mpaka adaulula.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, Nthiwatiwa akupuma m'bango muja, adazindikira kuti achule aleka kulira. Timbalame tonse tidangoti zii. Kenaka bango lidayamba kugwedezeka, mphepo kulibe. Lidagwedezeka kutsogolo, lidagwedezeka kumbuyo. Nthiwatiwa adatchera khutu. Adamva wina akunong'ona kuti, "Tsekani uko." Asanatambasule mapiko, ukonde udamugwera.

Pakati pa nkhope za anthu amene adamuzungulira adaona imodzi yoidziwa.

"Bambo Kamtedza! Ndalakwanji ine?"

Kamtedza adayang'ana pansi. "Angotenga imodziimodzi, mayi. Nawonso ali ndi ana."

Imodziimodzi yake iti! Manja adamuunjikira, uyu pakhosi, uyu pantchafu, ena kumapiko, kuzula ndi magazi omwe. Adakuwa mpaka mawu adatha, osamumvera ndi mmodzi yemwe.

Ndiye mkulu wina adati, "Tikumusiyiranji wamoyo? Nthenga zikhale zathu, nyamanso tidye."

Nthiwatiwa adamva mpeni ukunoledwa pamwala, kwee, kwee. Adaona wonolayo akuyesa mpeniwo ndi chala, n'kudzuka, kubwera pang'onopang'ono. Pamenepo mantha adasanduka mphamvu. Adaponda mwamphamvu, ukonde n'kung'ambika, anthu n'kugwa chagada. Adakupiza mapiko kuti auluke, koma adangogwa chafufumimba, popeza nthenga zolimba zonse zinali m'manja mwa anthu.

"Mugwireni! Mugwireni!"

Adadzambatuka, liwiro lamtondo wadooka. Adadutsa minda, adadutsa nkhalango, akumvabe mapazi kumbuyo kwake ngakhale omuthamangitsa anali atabwerera kalekale. Adakaima kudziko louma, kopanda mtsinje, kopanda msodzi.

Ndi chifukwa chake lero Nthiwatiwa sauluka, ndipo pakhosi ndi pantchafu pake nthenga sizidamerenso. Luso lomanga nthenga pambedza lidatsala m'manja mwa asodzi, koma mwini wake simungamupeze kumtsinje. Amakhala kuchigwa kopanda mitengo, khosi lili m'mwamba, maso ali mwazumwazu. Akangoona munthu patali, miyendo imayamba yokha kuthamanga, mwini wake asanaganize n'komwe.