Wotchi ya Seva Yachitatu

Pali anthu ena, abale, amene ukawauza kuti sesani kaye m'nyumba musanalowetse katundu, amakuyang'ana ngati wawatukwana. Wotero anali bambo wina amene anzake ankamutcha Zatheka, poti ntchito ankailengeza kuti yatha asanaigwire n'komwe.

Zatheka ndi mlongo wake anali ndi kakampani ka makompyuta. Mlongoyo ndiye adagwada kwa mwini mabasi ena mpaka kuwapatsa ntchito yoika pulogalamu yosunga mayina a okwera ndi mipando yawo. Pulogalamuyo inkayenera kukhala pa makompyuta akuluakulu atatu, otchedwa maseva, ogwira ntchito ngati imodzi. "Zikavuta mudzanene ine," mayiyo adalonjeza motero.

M'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi ya matikiti, mayiyo adakonza maseva awiri modekha. Adawapatsa mayina, kuwatsegulira njira zolankhulirana, ndi kulunzanitsa mawotchi awo kuti aziyenda chimodzimodzi. Seva yachitatu idachedwa, ndipo tsiku lomwe idafika ndilo mwana wake adagonekedwa m'chipatala.

"Achimwene, chonde, musaike pulogalamu musanalunzanitse wotchi ya seva imeneyo ndi enawo."

"Wotchi? Achemwali, ine ndine wokonza mawotchi? Pitani kwa mwana, zatheka!"

Munthu wamkulu ndithu, ndevu pepeya! Adangoitulutsa sevayo m'katoni, kulumikiza mawaya, kuika pulogalamu, ataona timagetsi tobiriwira tikuphethira n'kumapita akuimba mluzu.

Koma wotchi ya sevayo inali patsogolo. Tsono pulogalamu ija, maseva akatsutsana, inkakhulupirira seva imene nthawi yake yaoneka yatsopano. Mayina olembedwa pa awiri aja ankafufutika, chifukwa yachitatu ikangoti mpando uwu ulibe munthu, mawu ake ndiwo ankapambana. Akalaliki, osadziwa kanthu, ankagulitsanso mpando womwewo.

Zidaphulika m'mawa wina anthu atadzaza pokwerera. Mayi wobereka mwana ndi mkulu wina wa ndodo ankalimbirana mpando umodzi, aliyense tikiti yake m'manja. Kalaliki wina adang'ambiridwa malaya. Mlongo wa Zatheka adafika akuthamanga kuchokera kuchipatala, nangoona nthawi pa maseva atatuwo, mtima wake udachita phwii ndi ukali.

"Achimwene! Ndidakupemphani chinthu chimodzi chokha. Chimodzi!"

"Musakuwe, ndikonza pompano wotchiyo."

"Mukonza wotchi, nanga mayina ofufutikawo mukawatola kuti? Ine kusiya mwana pa diripi kudzaona zamanyazi zanuzi? Mwandinyozetsa, achimwene, mwandivula pagulu!"



Mwini mabasi adaima pakhomo la kachipindako, phokoso la okwera lili kumbuyo kwake. Sadamuyang'ane n'komwe Zatheka. Adayang'ana mlongo wake uja.

"Mayi, mudati zikavuta ndidzanene inu. Ndakunenani. Zulani mawaya anu muzipita."

Mayiyo adazula mawayawo yekha, ndipo mchimwene wake atati athandize adamukankhira kumbali. Dzina lomwe adalisamala zaka zonsezi lidathera m'kachipinda komweko, chifukwa cha seva imodzi yomwe idalowa m'gulu isanakonzedwe ngati inzake. Akuluakulu sadaname: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.