Misozi ya Kalimanjira pa Mng'oma Wotsiriza

"Ababa, bwanji mumayamba mwaika nkhope yanu mu utsi musanaupereke kwa njuchi?"

Anandifunsa choncho Zione, mwana wanga woyamba, m'mawa wina tili pansi pa msuku pamene ndinapachika mng'oma wanga. Anali ataima patali monga ndinamuuzira, manja ali kumbuyo. Ndinangoti ndi mmene timachitira kwathu. Mwana anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti sanakhute. Funso lija ndinapita nalo kumunda, ndinapita nalo ku sukulu ya madzulo, ndinabwera nalo kunyumba. Yankho lake lili m'nkhani imene malume anandisimbira pondiphunzitsa kufula uchi. Senderani kuno, ana inu, muimve mmene ndinaimvera.

Kalekale, misewu isanadule nkhalango ya Dzalanyama, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Kalimanjira, wa mfunda wa Mbewe. Ife tonse tinachokera kwa iyeyo. Anali munthu wa njuchi. Ming'oma yake ya makungwa inali lendelende m'mitengo kuyambira kudambo mpaka m'tsinde mwa phiri. Ena ankafula uchi ngati mbala, kutentha njuchi ndi muuni wa udzu, kukokolola zisa zonse n'kuthawa. Iye ayi. Ankatenga pang'ono, n'kusiyira eni ake. Koma anali ndi chilema chimodzi: sankamva za mnzake. Akanena kuti kuli dzuwa, ngakhale mvula imunyowetse, kunali dzuwa basi.

Pa ming'oma yonseyo unalipo umodzi umene ankaukonda koposa. Unali pamwamba pa mbawa yaitali, kutsidya kwa mtsinje. Anamusiyira ndi malume ake pomwalira, ndipo njuchi za mmenemo zinali zisanathawepo.

Chaka china njuchi zinayamba kudwala. Kodi munaionapo njuchi yodwala? Situluka ndi changu m'mawa. Imakwawa pakhomo pa mng'oma, imagwa pansi, nyerere n'kuikoka isanafe n'komwe. Kalimanjira anatola imodzi naiika pachikhatho, padzuwa. Pamsana pake panali tizilombo tofiirira, tochepa kuposa njere ya mawere, titakakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Anatola ina, chimodzimodzi. Anatolanso ina, chimodzimodzi. Njuchi zake zinali ndi nsabwe.

Anzake anamulangiza kuti atenthe ming'oma yonse ayambe ina. Anakana. Anati nthenda yaukali imafuna mankhwala aukali. Kodi mthuthu suja umapha nsomba padziwe? Kodi fodya wa chingambwe sagwetsa munthu wamkulu? Anathyola masamba a mthuthu, anaphatikiza fodya wodzaza dzanja ndi tsabola wouma, nayatsa zonsezo m'phale. Mkazi wake Nankhoma anamupempha kuti ayambe wayesa pamng'oma umodzi. Iye anamuyankha kuti munthu amene sanalumidwepo ndi njuchi asaphunzitse mwini ming'oma.

Anamanga kansalu kukamwa ndi kumphuno kuti utsi usamulowe, nayenda mtengo ndi mtengo, kufukiza, kufukiza. Nsabwe zinayoyoka ngati gaga. Anabwera kumudzi akuimba mluzu.

M'mawa mwake nkhalango inali zii. Anatsegula mng'oma woyamba: nsabwe zafa, njuchi nazo zafa, zili mulu. Wachiwiri chimodzimodzi. Kumene zina zinapulumuka, zinali zitathawa, kusiya ana awo m'zisa. Mukuganiza kuti anavomera kuti walakwa? Ayi. Anati nthenda inali italowerera kale, iye ndiye anachedwa. Unatsala mng'oma umodzi wokha, wa pambawa uja, poti unali kutali. Ananena kuti umenewo sauchedwera, ndipo mankhwala awonjezera.

Tsiku limenelo Nankhoma anamutsatira, mwana wakhanda ali kumsana, ati akazule bowa. Anaima chapatali mwamuna wake akukoleza phale patsinde pa mbawa. Kenaka mphepo inatembenuka. Utsi unadza pa iwo, ndipo mwana anatsokomola kamodzi, nalira, kenaka kulira kunaduka. Anangoti kukamwa yasa, mpweya osalowa, maso ali psuu.

Kalimanjira anataya phale. Anakwatula mwana kumsana kwa mayi wake, nathamangira naye kumtsinje. Anamusambitsa kumaso, anamusisita pamsana, akuitana mizimu ya makolo ake mmodzimmodzi. Patapita kanthawi mwana anakoka mpweya, nalira kulira kwenikweni. Nankhoma anakhala pamwala namuyamwitsa. Kenaka mayi uja anayankhula motsitsa, osayang'ana mwamuna wake.

"AMbewe, wanuyu ali ndi pakamwa. Walira, mwamva, mwathamanga. Nanga ana a mumng'omamo akalira kwa yani?"

Kalimanjira anamasula kansalu kaja kumphuno kwake, nakayang'ana nthawi yaitali, nakaponya m'madzi. Sanavalenso kena moyo wake wonse.

Kuyambira tsiku limenelo ankakhala kuseri kwa nyumba ndi phale lake. Ankatentha masamba a mtundu umodzi, n'kuweramira mu utsiwo, n'kupuma. Ukamutsamwitsa, ankataya. Ukamutulutsa misozi, ankachepetsa. Ankatenga ena, n'kuweramiranso. Anthu odutsa ankati misala yamuyamba chifukwa cha njuchi. Mlamu wake, mchimwene wa Nankhoma, anaima pampanda tsiku lina nati, "Alamu, mwayamba kudziwamba nokha? Mukauma mutitumizire mawu, tibwere ndi mchere." Kalimanjira, amene kale akanabweza mawu khumi, anangopukuta m'maso n'kuweramiranso.

Koma nthawi sinali kumudikira. M'mawa uliwonse ankawoloka mtsinje n'kupeza njuchi zina zitagwa patsinde pa mbawa. Phokoso la mumng'oma linali kuchepa. Akafulumira, azipha yekha. Akachedwa, ziphedwa ndi nsabwe. Inu mukanatani?

Mthuthu anausiya. Tsabola anamusiya. Chimene chinatsala m'phale mwake ndi zitsononkho zouma, masamba a chanzi ndi a mpungabwi, ndi fodya wongotsina ndi zala ziwiri. Utsi umenewo ankatha kuupuma osatsokomola, maso ali gwa.

Anakwera mbawa. Ali panthambi anayamba waupuma yekha, kenaka anatsegula chitseko cha mng'oma nauzira pang'ono. Anadikira. Njuchi zinang'ung'udza, koma sizinagwe. Nsabwe zinagwa, koma zowerengeka chabe. Anazisesa ndi nthenga ya nkhanga n'kuzigwetsera pamakala. Malume anga ankati apa ndi pamene panali nkhondo yeniyeni, chifukwa mtima wake wakale uja unamuuza kuti awonjezere fodya, zithe lero lomwe. Dzanja linafika m'thumba. Kenaka anakumbukira kukamwa kwa mwana wake kuli yasa, ndipo anatseka mng'oma natsika.

Anabweranso. Anabweranso. Anachotsa zisa zakale zakuda, nasiya zoyera. Chaka chimenecho sanafule uchi ngakhale wonyambita, ndipo ana ake anamwa phala losatsekemera osadandaula. Nsabwe sizinathe zonse, koma zinachepa mpaka njuchi zinayamba kuzichotsana zokha.

Mitondo itachita maluwa, Nankhoma akuchokera kotola nkhuni anaima panjira, mtolo uli pamutu. Kutsidya kwa mtsinje mbawa inali kulira ngati ng'oma ya kutali. Njuchi zinali zitachuluka mpaka kugawikana, ndipo gulu loyamba linakalowa m'mng'oma wina mwa ija inatsala yopanda kanthu. Malume ankanena kuti njuchi zimene timasunga ife lero ndi zidzukulu za pambawa. Sindingalumbire, koma ndimakonda kukhulupirira choncho.

Nchifukwa chake kwathu kuno palibe amene amamanga nsalu kumphuno pofukiza njuchi. Mankhwala opatsa chinthu chosayankhula, kaya ndi njuchi, kaya mbuzi, kaya khanda, timayamba tafunsa amene akudziwa, ndipo sitithira ndi dzanja laukali.

Masiku apitawa ndinaonanso tizilombo tofiirira pa njuchi zanga. Ndinatenga phale, ndipo Zione ananditsatira, naima pamalo pake paja. Ndinaweramira mu utsi. Unali wopyola pang'ono, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Ababa, mukulira," anatero.

Ndinachotsamo masamba ena, ndinadikira kuti utsi ufatse, kenaka ndinagwada kuti maso athu alingane.

"Unandifunsa tsiku lija, mwanawe. Iwe chikakupweteka umalira, ine n'kumva. Njuchi zilibe misozi. Ndiye ndimazibwereka yangayi, kuti utsi ukawawa uyambe wandiuza ine."