Mvuu Asankha Galimoto Yokokera Boti

Kalekale, nyama zisanaleke kuyendetsa magalimoto, Nkhanu anali ndi boti lake kumtsinje. Botilo linkagona pangolo ya matayala awiri, ndipo ana ake onse ankadyera momwemo. Koma chokokera ngoloyo analibe.

Mvuu anali nazo ziwiri, galimoto yofiira yonyezimira ndi thirakitala yokalamba yotsokomola. Koma ana inu, umbombo wa Mvuu unkafika mpaka kumchira. Nkhanu atapita kukabwereka, Mvuu anati abetcherane. Aliyense asankhe chokokera chake, ndipo amene avuule boti lodzaza nsomba atenge boti, nsomba, ndi chokokera chomwe. Woyamba kusankha ndi kukoka akhale iyeyo, poti ndi wamkulu.

Nkhanu anachita mantha, poti boti likapita ana agona ndi njala. Koma gombelo ankalidziwa, anabadwira m'matope ake. Linali lotsetsereka, landere, loterera ngati therere. Iye ankafuna thirakitala. Ndiye anathamangira galimoto yofiira, n'kukumbatira tayala, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, ndisiyireni iyi. Tangoonani mmene ilowetsere boti m'madzi."

Anayesadi, boti lili lopanda kanthu. Galimoto inabwerera chambuyo myaa, boti m'madzi khuvu. Apo n'kuti thirakitala ikutsokomolabe, kho kho kho.

"Choka apo iwe," anatero Mvuu, n'kudzipanikiza m'galimoto muja, mimba ili pachiwongolero.

Nkhanu anapalasa, naponya ukonde, nabwera ndi nsomba. Mvuu anati zachepa, abwerere. Anabwera ndi zambiri. Zachepa, abwerere. Pomaliza boti linabwera madzi ali m'milomo, Mvuu akumeza malovu.

Anamangirira boti pangolo, Mvuu naponda moto. Matayala fwiii, pandere pomwepo. Anapondanso. Fwiii, matope kumwamba, achule kuseka mpaka kugwa chagada. Kenaka ngolo ija, poti inalemera kuposa galimoto, inayamba kukoka ndiyo. Pang'onopang'ono, chambuyo, Mvuu akuliza hutala, mpaka denga lofiira linamira, hutala n'kukhala zii.

Nkhanu anamira namasula ngolo. Thirakitala anaiimika kumtunda pouma, naimangirira kungolo ija ndi chingwe chachitali. Phu phu phu, matayala amanomano analuma dothi. Phu phu phu, boti linakwera gombe, nsomba zikuphiriphitha, Nkhanu akuvina chammbali pampando.

Mvuu anavuuka ndere zili kumutu, nafunsa za galimoto yake.

"Ili pansi pomwepo, achimwene. Paja kulowa m'madzi imatha."

Mpaka lero Mvuu amangomira n'kuvuuka, kumira n'kuvuuka, akupemerera ukali m'mphuno. Akuifunabe.

Ndiye inu akuluakulu mukuseka kumbuyoko, mukamasankha chokokera, musamachione potsika. Potsika ngakhale mwala umatha. Muzichifunsa za pokwera. Nthano yanga yakwera gombe, thamangirani mbatata zanu zisanapserere.